Msinkhu Pamaso pa Kamera: Kaonetsedwe ka Ubwana ndi Ukulu m'Sewero la Adolescence

1.0 Mau Oyamba

Wophunzira za zoulutsa mau akapatsidwa kacigawo ka sewero la pa wailesi ya kanema kuti afotokoze m'mene msinkhu wa anthu waonetsedwera, kawirikawiri amathamangira ku zinthu zimene maso aona msanga. Imvi ndi ndodo amati ndi ukalamba. Yunifomu ya sukulu ndi foni amati ndi unyamata. Kamera yoyang'ana munthu kucokera pansi amati ndi mphamvu, ndipo yomuyang'ana kucokera pamwamba amati ndi kufooka. Mndandanda wotere suli wabodza, koma uli ndi vuto limodzi lalikulu: umatenga msinkhu ngati katundu amene mtengambali amalowa naye m'sewero atamanga kale, ngati kuti nchito ya kamera ndi kungomucitira umboni.

Colinga ca pepala lino ndi kuonetsa kuti m'sewero lokonzedwa mwaluso msinkhu umaonekera pakati pa anthu, ndipo umasintha malinga ndi amene mtengambali ali naye, malo amene ali, ndi utali wa nthawi imene kamera yamuyang'ana. Citsanzo cathu ndi Adolescence, sewero la ku Britain la magawo anai limene Netflix inatulutsa pa 13 Marichi 2025. Tidzaona maluso amene anagwiritsidwa nchito, pamene anapambana ndi pamene anaperewera, kenaka tidzanena zimene mphunzitsi wa cinenero angatolepo.

2.0 Maziko a Kusanthula

Kwa zaka zingapo bungwe la mayeso la OCR ku England linkaonetsa ophunzira kacigawo ka sewero ka mphindi pafupifupi zisanu, ndi kuwafunsa kuti afotokoze kaonetsedwe ka gulu lina la anthu poyang'ana mbali zinai: kagwiritsidwe nchito ka kamera, kadulidwe ndi kalumikizidwe ka zithunzi, mau, nyimbo ndi phokoso, ndiponso makonzedwe a zonse zooneka, monga malo, zovala, kuwala ndi katundu. Msinkhu unali umodzi mwa mitu isanu ndi iwiri ya mayesowo. Kagawidwe aka ndi kothandiza, ndipo ifenso tidzakatsata, pokumbukira kuti woonerera samalandira mbalizi imodziimodzi.

Maganizo a akatswiri awiri adzatiperekeza. Stuart Hall, m'buku limene anasonkhanitsa mu 1997, anaphunzitsa kuti kuonetsa cinthu ndi kucipatsa tanthauzo, cifukwa wojambula amasankha coika ndi cosiya. Dick Hebdige, m'buku la mu 1988, anaona kuti zithunzi za acinyamata a ku Britain zimagwera m'magulu awiri: acinyamata ngati vuto, ndi acinyamata ngati cisangalalo. Funso lathu ndi lakuti: kodi Adolescence linakhoza kutuluka m'magulu awiriwa?

Masewero ena anathana ndi nkhani ya msinkhu pogwira thupi la wosewera. The Crown, kuyambira 2016 mpaka 2023, inkasintha osewera onse pakapita zigawo zikuluzikulu ziwiri, kotero kuti Mfumukazi Elizabeth anaseweredwa ndi Claire Foy, Olivia Colman ndi Imelda Staunton. This Is Us inkakalambitsa Mandy Moore ndi zopakapaka za kumaso. Adolescence silinatsate njira zimenezi, pakuti nkhani yake yonse imatenga miyezi 13 yokha. Msinkhu umene limasanthula ndi umene anthu amapatsana kapena kumanana.

3.0 Sewero ndi Luso Lake Lalikulu

Seweroli analiyambitsa ndi kulilemba ndi Jack Thorne ndi Stephen Graham. Wotsogolera kujambula anali Philip Barantini, ndipo woyendetsa nchito ya kamera anali Matthew Lewis. Nkhani yake ndi ya Jamie Miller, mnyamata wa zaka 13, amene wamangidwa pa mlandu wopha Katie Leonard, mtsikana wa pa sukulu yake. Jamie anaseweredwa ndi Owen Cooper, amene anali ndi zaka 14 pa nthawi yojambula, ndipo mu Seputembala 2025 analandira mphotho ya Emmy ali ndi zaka 15. Atate ake a Jamie, a Eddie, anaseweredwa ndi Graham mwini.

Luso limene seweroli linachuka nalo ndi lakuti gawo lirilonse, la utali wa pafupifupi ola limodzi, linajambulidwa kamodzi n'kamodzi, kamera osaimitsidwa ndipo cithunzi osadulidwa. Barantini ndi Lewis anali atayesa kale njira imeneyi m'filimu ya Boiling Point ya mu 2021. Wophunzira angaganize kuti pamenepa mbali yaciwiri ya kusanthula, ya kadulidwe, yatha nchito. Kunena zoona, apa ndi pamene yakula. M'masewero ambiri wodula zithunzi ndiye amatiuza coganiza: amationetsa nkhope ya mwana, nadula, natipatsa nkhope ya wamkulu ikumva cisoni, ndipo ife timamva cisoni. Lev Kuleshov wa ku Russia anaonetsa ca m'ma 1920 kuti nkhope imodzimodzi imasintha tanthauzo malinga ndi cithunzi cimene yalumikizidwa naco. André Bazin wa ku France anatsutsa kudalira kwambiri kudula, ponena kuti cithunzi cotalika cimasiyira woonerera ufulu ndi cikaiko. Mu Adolescence cikaiko cimeneci cagwera pa funso limodzi: kodi amene tikumuonayu ndi mwana kapena ndi wamkulu?

4.0 Gawo Loyamba: Mwana m'Manja mwa Lamulo

Gawo loyamba limaunjika zizindikiro za ubwana mwadala. Apolisi onyamula mfuti amathyola citseko mamawa, nakwera ku cipinda ca Jamie. Makoma a cipindaco ali ndi zithunzi za nyenyezi ndi za mlengalenga. Mnyamatayo amadzikodzera ndi mantha, ndipo amaloledwa kusintha buluku asanatengedwe. Ku polisi amaopa jekeseni pamene akufuna kumutenga magazi. Popeza lamulo la ku England limafuna kuti munthu wosafika zaka 18 akhale ndi wamkulu womuyang'anira pofunsidwa mafunso, Jamie amasankha atate ake. Koma lamulo lomwelo limati mwana wa zaka 10 akhoza kuimbidwa mlandu. Motero malo onse a ku polisi amamutenga ngati mwana ndiponso ngati woimbidwa mlandu wakupha pa nthawi imodzi, ndipo kamera yosadulayo imatiyendetsa naye pa sitepe iriyonse: kulembedwa dzina, kujambulidwa, kudindidwa zala, kudikira.

Pali mphindi ziwiri zimene wophunzira ayenera kuziona mofatsa. Yoyamba ndi pamene Jamie akuvulidwa zovala kuti afufuzidwe m'thupi. Kamera simuyang'ana iye. Imakhazikika pa nkhope ya a Eddie, ndipo malangizo a apolisi timangowamva. Cifukwa cimodzi ndi codziwikiratu, ca kuteteza wosewera wamng'ono. Koma zotsatira zake pa tanthauzo ndi zazikulu: ubwana wa Jamie timauwerenga pa nkhope ya kholo. Iye ndi mwana cifukwa pali wina amene akumva ululu ngati tate.

Mphindi yaciwiri ndi ya kumapeto, pamene apolisi akuonetsa pa kompyuta cithunzi cocokera ku makamera a citetezo, Jamie akubaya Katie pa malo oimikapo magalimoto. Cithunzico ndi ca patali ndipo cinajambulidwa kucokera pamwamba. Malinga ndi mndandanda uja, kamera ya pamwamba iyenera kusonyeza kufooka. Koma pano ndi pamene mnyamatayo ali woopsa koposa. Ici ndico cithunzi cimene Hebdige ananena, wacinyamata ngati vuto, wopanda nkhope, wooneka m'maso a kamera yolondera. Seweroli limaciika m'cipinda cimodzi ndi mnyamata wolira amene takhala naye kwa ola lathunthu. Jamie amafuna kukhudza atate ake. Iwo amadzikoka kaye, kenaka namukumbatira. Popeza palibe kudula, kudzikoka ndi kukumbatira ziri m'mpweya umodzi, ndipo woonerera sapatsidwa mpata wosankha cimodzi ndi kutaya cinzake.

5.0 Gawo Lacitatu: Msinkhu Wosinthasintha

Gawo lacitatu likucitika patapita miyezi 7, m'nyumba yosungiramo ana oyembekeza mlandu. Pafupifupi lonse liri m'cipinda cimodzi, pa thebulo limodzi, pakati pa Jamie ndi a Briony Ariston, katswiri wa za maganizo, amene anaseweredwa ndi Erin Doherty. Oonerera ambiri amamva ngati Jamie wakula. Koma gawo limeneli ndilo linayamba kujambulidwa, Cooper ali wamng'ono kuposa m'mene analiri m'gawo loyamba. Umboni uwu ndi wofunika kwambiri pa mfundo yathu: kukula kumene tikuona sikunacokere m'thupi la wosewera. Kunapangidwa ndi kakhalidwe pa mpando, kamvekedwe ka mau, ndi munthu amene wakhala naye.

Katundu wa pa thebulo ndi wocepa, ndipo aliyense ali ndi nchito. A Briony amabwera ndi cakumwa cotentha ca cokoleti cokhala ndi timaswiti tofewa, ndiponso theka la sangweji. Cakumwaco ndi ca ana, ndipo pocilandira Jamie amavomera kukhala mwana. Mafunso akafika pa atate ake, pa agogo ake aamuna ndi pa tanthauzo la kukhala mwamuna, amapsa mtima, nakankha kapu ija, naimirira pamwamba pa mai amene akhala pansi. Panthawi ina amawadzidzimutsa dala, kenaka nawaseka kuti akuopa mwana wa zaka 13. Apa zaka zake wazisandutsa cida: amazichula yekha kuti anyazitse wamkulu. M'gawo lomweli akufotokozanso m'mene atate ake ankayang'anira kumbali iye akalephera mpira, ndipo pamenepo mau ake ndi a mwana.

M'sewero lodulidwa, kusintha kotere kukanaoneka ngati zithunzi ziwiri zosiyana, ca mwana ndi ca cirombo. Pano kamera imazungulira thebulo pang'onopang'ono, nthawi zina n'kukhazikika pa nkhope imodzi pamene winayo akulankhula, kotero kuti timaona njira yonse yocokera ku kumwetulira kufika ku ukali. Pamapeto, atauzidwa kuti kukumana kwao kwatha, Jamie amafunsa mokuwa ngati a Briony amamukonda, ndipo amatulutsidwa mokakamiza. Funsolo ndi la mwana wofuna kuyanjidwa, komanso ndi la mwamuna amene salola kukanidwa ndi mkazi, ndipo kukanidwa kotere ndiko kuli pa tsinde la imfa ya Katie. Kamera siimutsata, imatsala ndi a Briony akunjenjemera. Monga m'gawo loyamba, tanthauzo la msinkhu wake latsala pa nkhope ya munthu wamkulu.

6.0 Akuluakulu: Gawo Laciwiri ndi Lacinai

Kusanthula msinkhu sikuthera pa acinyamata. M'gawo laciwiri, limene likucitika pa sukulu patapita masiku atatu, wapolisi wofufuza, a Luke Bascombe, awerenga molakwa zimene Katie ankalemba pa Instagram ya Jamie, poganiza kuti anali mau a ubwenzi. Mwana wao, Adam, amawatengera m'cipinda copanda anthu nawamasulira tizithunzi ta pa foni, kuwaonetsa kuti kunali kunyoza. Mwa cizolowezi wamkulu ndiye mwini nzeru. Pano tate, amenenso ndi wapolisi, wasanduka wophunzira wa mwana wake. Phokoso la sukulu limene latigonthetsa m'kutu kuyambira paciyambi limazirala m'cipindamo, ndipo bata limeneli ndilo limapatsa mau a Adam kulemera.

Gawo lacinai, la patapita miyezi 13, liri pa tsiku limene a Eddie akukwanitsa zaka 50. Jamie saonekamo, timangomva mau ake pa foni m'galimoto, akunena kuti adzavomera mlandu. Asanaimbe, makolo ake anali kukumbutsana za dansi ya ku sukulu ali ana, akuimba nyimbo ya gulu la A-ha ya m'zaka za m'ma 1980, mwana wao wamkazi Lisa akuwaseka. Nyimbo pano ikugwira nchito ya cizindikiro ca mbadwo: ikutikumbutsa kuti makolowa anakhalapo pa msinkhu wa Jamie, m'dziko lopanda intaneti. Pambuyo pake a Eddie amaulula kuti atate ao ankawakwapula ndi lamba, ndipo iwo analumbira kusacita zotero kwa ana ao. Iwo ndi amai a Jamie, a Manda, amakumbuka kuti mwana wao ankadzitsekera m'cipinda ndi kompyuta, iwo n'kumati ali pabwino. Seweroli limathera m'cipinda ca nyenyezi cija, a Eddie akulira pa bedi la mwana wao, nafunditsa cidole cake ngati akugoneka khanda. Malo amene m'gawo loyamba anatiuza kuti Jamie ndi mwana tsopano akutiuza kuti ubwanawo watsala m'katundu yekha.

7.0 Pamene Seweroli Linaperewera

Luso limene linapambana m'cipinda ca anthu awiri linapunthwa pa sukulu. Kamera yosaima iyenera kuyenda, ndipo kuti icoke m'cipinda cina kupita m'cina imafuna cocitika coti icitsate: belu la moto, ndeu, mwana wothawira pa windo. Zotsatira zake ndi zakuti ophunzira ambiri timawaona mongodutsa, akukuwa, akunyoza aphunzitsi, akujambulana pa foni, ndipo aphunzitsi timawaona akulephera kapena akungoonetsa mavidiyo. Jamie anapatsidwa ola lathunthu kuti akhale munthu wovuta kumumvetsa; anzake anapatsidwa timphindi toti akhale gulu laphokoso. Pamenepa seweroli labwerera m'gulu loyamba la Hebdige.

Cofooka caciwiri ndi Katie. Iyenso anali mwana, koma timamuona pa cithunzi ndi pa makamera a citetezo pokha, ndipo makolo ake saonekamo. Olemba anazindikira vutoli, pakuti wapolisi wina, a Misha Frank, amadandaula kuti anthu amakumbuka wopha naiwala wophedwa. Kumapeto kwa gawo laciwiri kamera imamangiriridwa ku kandege kopanda munthu, niuluka kucoka pa sukulu kufika pa malo a imfa, pamene a Eddie akuika maluwa. Kwaya ya ana ikuimba nyimbo ya Sting, ndipo mau otsogolera ndi a Emilia Holliday, amene anasewera Katie. Ganizoli ndi logwira mtima, koma woonerera amene sanauzidwe sangadziwe mwini mauwo, ndipo ngakhale pa malo a imfa yake nkhope imene kamera imafikirapo ndi ya tate wa womupha. Ngati, monga tanenera, ubwana umaonekera pa nkhope ya kholo, ndiye kuti Katie anamanidwa njira yeniyeni imene seweroli limapangira munthu kukhala mwana. Wophunzira ayenera kuphunzitsidwa kufunsa za amene kamera yawasiya, pakuti kaonetsedwe ka msinkhu kamayenda pamodzi ndi ka umuna ndi ukazi.

Mfundozi ndi zofunika kwa aphunzitsi, cifukwa kumapeto kwa Marichi 2025 Netflix inalengeza kuti seweroli lidzaonetsedwa kwaulere m'masukulu a sekondale a ku Britain, ndipo Keir Starmer, monga nduna yaikulu, anavomereza ganizolo. Sewero likalowa m'kalasi pamakhala ciopsezo cakuti lidzatengedwa ngati lipoti la kafukufuku. Ophunzira ayenera kukumbutsidwa kuti sukulu imene akuionayo inakonzedwa kuti kamera ipeze njira.

8.0 Phunziro kwa Mphunzitsi wa Cinenero

Wowerenga waona kuti m'pepala lino talemba kuti a Eddie ndi a Briony, koma Jamie tamusiya wopanda a wa ulemu. Sitikanatha kucitira mwina. Cinyanja cimatikakamiza kugamula za msinkhu m'ciganizo ciriconse, kudzera mwa iwe ndi inu, iye ndi iwo, ndi agwirizanitsi a m'aneni. Cingerezi ca masiku ano ciri ndi mlowam'malo mmodzi yekha wa munthu wolankhula naye, kotero kuti zambiri zimene ife timaziika m'galamala, sewero la Cingerezi limazisenzetsa kamera, kaimidwe ka thupi ndi kamvekedwe ka mau.

Kusiyanaku kungasanduke nchito ya m'kalasi. Ophunzira apatsidwe mphindi zisanu za gawo lacitatu kuti azimasulire m'Cinyanja. Adzakumana ndi mafunso amene olemba sanakumane nao. Kodi Jamie akuti inu kwa a Briony kuyambira paciyambi? Nanga akaimirira mwaukali, agwera ku iwe? Ngati atero, pa mau ati enieni, ndipo abwerera liti? Funso lake lomaliza likhale lakuti mumandikonda kapena umandikonda? Loyamba ndi la mwana, laciwiri ndi la munthu amene wadziyesa mnzao wa maiwo kapena mwini wao. Wophunzira adzayenera kuteteza cisankho cake ndi umboni wa kamera, wa katundu ndi wa mau, ndipo potero adzakhala atasanthula mbali zinai zija mosaloweza mndandanda. Adzaonanso cimene kumasulira kumataya: Cinyanja cimafuna yankho limodzi pamene seweroli linasunga onse awiri.

Ngakhale dzina la seweroli ndi phunziro. Tiri ndi mau monga khanda, mwana, mnyamata, namwali, nchembere ndi nkhalamba, ndipo timanena za kutha msinkhu. Mwa mwambo wa Acewa cinamwali cimaika malire oonekera pakati pa ubwana ndi ukulu. Mau a Cingerezi amene ali dzina la seweroli amanena za nyengo ya zaka zingapo imene munthu sali mbali iyi kapena iyo. Kukambirana m'mene dzinali lingamasuliridwire kudzaonetsa ophunzira kuti magawo a msinkhu amadulidwa mosiyana m'zinenero zosiyana.

9.0 Mau Omaliza

Taona kuti Adolescence limaonetsa msinkhu wa Jamie kudzera m'nkhope za akuluakulu omuzungulira, m'katundu amene amalandira ndi kukana, ndi m'cithunzi cosadulidwa cimene cimasunga mwana ndi wakupha m'thupi limodzi. Taonanso kuti luso lomwelo linacepetsa ophunzira a pa sukulu ndi kubisa mtsikana wophedwa. Pophunzitsa, funso lakuti kamera iri pamwamba kapena pansi likhale poyambira cabe. Wophunzira apitirize kufunsa kuti mtengambali ndi mwana pamaso pa yani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani amene sanapatsidwe nthawi yotero. Kafukufuku wofanana ndi uyu akufunika pa masewero a m'zinenero zathu, m'mene galamala ya ulemu ndi kamera zimagwira nchito pamodzi, kuti tione pamene zimagwirizana ndi pamene zimatsutsana.